Ndinalapa kale, koma ngongole ya munthu amene anamwalira ikundisowetsa tulo

Mlimi_wa_Chamama
Abale, ndikufuna maganizo anu, makamaka inu amene mumawadziwa Mawu kuposa ine. Nyengo ya fodya ya 2001/2002 ndinali kalaliki pa esiteti ina kuno ku Kasungu. Ntchito yanga inali kulemba zonse zimene matenanti atenga pa ngongole, phoso, mchere, sopo, feteleza, kuti fodya akagulitsidwa bwana adule. Njala ija itafika poipa ndinayamba kulemba ndowa za chimanga zimene anthu sanalandire. Chimangacho china ndinkapita nacho kwathu, china ndinkagulitsa. Amene ndinamupweteka kwambiri ndi bambo wina wa ku Phalombe, chifukwa sankadziwa kuwerenga ndipo sankatsutsa. Pakutha pa nyengo buku linaonetsa kuti iyeyo ndiye ali ndi ngongole kwa bwana, ndipo anachoka chimanjamanja.

Ndinatembenuka mtima mu 2009, ndipo chaka chino akufuna kundisankha ukulu wa mpingo. Mwezi watha ndakumana ndi mnzanga amene tinkagwira limodzi, wandiuza kuti bambo aja anamwalira, koma mayi ndi ana sanabwerere kwawo, ali cha ku Mkanda ku Mchinji. Kuchokera tsiku limenelo sindikugona. Abusa ena amene ndawafotokozera akuti Mulungu anakhululuka kale, ndisamafukule zokwiririka. Nanga ngati anakhululuka mtimawu ukuvutikiranji? Ndipite kapena ndikhale?

NaBanda_KU
Pitani bambo. Apa palibe zofunsa.

Kabaza_Gifiti
Zaka zonsezi munali kuti madala? Kapena ukulu wa mpingowo ndi umene wakudzutsani?

Chisomo_Chokha
A Gifiti, munthu wabwera ndi mtima wosweka inu mukumuponda. Achimwene a Mlimi, abusa anuwo akunena zoona. Werengani 1 Yohane 1:9 ndi Aroma 8:1. Tchimo limene munaulula pamaso pa Mulungu linachoka, ndipo kwa amene ali mwa Khristu kutsutsidwa kulibe. Mawu amene akukudzutsani usikuwo si a Mzimu Woyera ayi, ndi a woneneza abale uja wa pa Chivumbulutso 12. Iye ntchito yake ndi kukumbutsa anthu zakale kuti asatumikire. Taonani nthawi yake, zabwera pomwe mukufuna kulandira udindo. Mbala ya pa mtanda ija inabweza chiyani kwa amene inawabera? Palibe, koma tsiku lomwelo inalowa m'Paradaiso.

Mphunzitsi_Wopuma
A Chisomo, mbala ija inali yokhomeredwa. A Mlimi ali ndi miyendo ndipo minibasi zikuyenda.

Ndiloleni ndilembe motalikirapo. Pankhaniyi pali ngongole ziwiri, ndipo tikuzisakaniza. Ya kwa Mulungu inatha, pamenepo sinditsutsana ndi abusa aja. Koma chimanga chija sichinali cha Mulungu yekha, chinali cha munthu, ndipo munthuyo anasiya mkazi ndi ana. Baibulo silinaisiye nkhani yotereyi m'malere. Pa Levitiko 6, munthu amene wanyenga mnzake pa katundu akuuzidwa kubweza chinthucho chonse, n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu, kenako n'kupita ndi nsembe yake. Pa Numeri 5 akuyankha funso lanu lenilenilo, lakuti nanga mwiniwake akakhala kuti palibe. Malipiro amapita kwa wachibale wake. Amapita kwa wansembe pokhapokha ngati wachibale palibiretu. Kwa inu achibale alipo, mwauzidwa ndi dera lomwe akukhala.

Wina anena kuti zimenezo ndi za Chipangano Chakale. Chabwino, tiyeni ku Chatsopano. Zakeyu pa Luka 19 Yesu anali atalowa kale m'nyumba mwake, anali atamulandira kale, koma m'pamene anaimirira n'kunena kuti amene anawalanda awabwezera kanayi. Sanabweze kuti agule chikhululukiro. Anabweza chifukwa anali atachilandira. Ndiye pa Mateyu 5:23-24 Yesu akuti ukafika ndi chopereka pa guwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, chisiye pomwepo, yamba wapita. Ine sindikhulupirira kuti Satana angamukakamize munthu kukabwezera mayi wamasiye chimanga chake. Zimenezo si ntchito zake.

Chisomo_Chokha
Aphunzitsi, mukatero mubwezera anthu ku chilamulo. Tonsefe titati tiwerengere aliyense amene tinamulakwira tisanatembenuke, angatsale ndani? Paulo pa Afilipi 3:13 akuti amaiwala zam'mbuyo.

Mphunzitsi_Wopuma
Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 15:9 akukumbukirabe kuti anazunza mpingo, ndipo pa 1 Timoteo 1 akubwerezanso. Sanaiwale m'mutu. Anangoleka kulola kuti zimenezo zimuimitse pa ntchito.

Mwana_wa_Tenanti
Ndakhala ndikungowerenga koma ndalephera kupirira. Ine makolo anga anachoka ku Mulanje n'kubwera kudzalima fodya wa anthu cha ku Santhe. Chaka chomwe mukunenacho ndinali mwana koma ndikukumbukira zonse. Tinkadya gaga, gaga atasowa amayi ankakumba zitsa za nthochi n'kusinja. Bambo anga ankasoka fodya m'chigafa manja akunjenjemera ndi njala. Tsiku lowerengera litafika, kalaliki ankangowerenga manambala, bambo ali chilili chipewa chili m'manja, n'kuwauza kuti palibe chotsala. Ankadziwa kuti aberedwa. Musamaganize kuti munthu wosadziwa kuwerenga sadziwanso kuti ndowa analandira zingati. Ankangosowa pokanena.

Ndiye inu mukukambirana mavesi, zoti mtima wa a Mlimi upeze mtendere. Nanga mtendere wa mayi aja akuufunsa ndani? Mukapita kumeneko mukukachita za iwo kapena mukukatula katundu wanu kuti muzigona bwino? Pepani sapoletsa chilonda. Kukanakhala kwathu, sindikudziwa ngati amayi anga akanakupatsani ndi mpando womwe.

NaBanda_KU
Iii achimwene, pepani. Mwandiliritsa.

Mlimi_wa_Chamama
A Mwana_wa_Tenanti, ndawerenga ndipo sindikudziteteza. Zoti bambo aja ankadziwa, mumtima ndinkadziwa kuti akudziwa, chifukwa tsiku lomwe ankachoka anandiyang'ana osanena kanthu. Funso lanu loti ndikupitira ndani ndilibe yankho loyera. Mwina ndi zonse ziwiri. A Gifiti nanunso simunaname kwenikweni, nkhani ya ukuluyi yandigwedeza. Ndimaganiza zoti ndidzakhala pa bwalo la mpingo n'kumaweruza mtsikana amene watenga mimba kapena mnyamata amene waba mbuzi, ine mwini ndili ndi zimenezi.

Kabaza_Gifiti
Apo ndiye mwayankha ngati munthu wamkulu. Ndabweza mawu anga, theka lokha.

Katekisiti_wa_Kapiri
Kwathu ku Katolika nkhaniyi siivuta kuimva. Ukapita kukalapa kwa bambo mfumu n'kunena kuti unaba, machimo amakhululukidwa, koma amakuuza kuti ukabweze ngati kuli kotheka. Chikhululukiro chimachotsa tchimo, sichikonza zonse zimene tchimolo linawononga. Davide anauzidwa ndi Natani pa 2 Samueli 12 kuti Mulungu wachotsa tchimo lake, koma zotsatira zake m'banja mwake sizinachoke. Kwa malemuwo, ife tikanapereka Misa yowapempherera, monga timachitira pa 2 November pokumbukira onse amene anatisiya.

Mayi_wa_Chigwirizano
A Katekisiti, zopempherera akufa kwathu ku CCAP kulibe. Munthu akapita wapita. Musawasokoneze bambowa.

Katekisiti_wa_Kapiri
Mayi, ndanena mmene timachitira ife, sindinawakoke.

Mayi_wa_Chigwirizano
Ndi mmene mumayambira.

Admin_Gulu
Amayi ndi abambo, mkangano wa Katolika ndi CCAP unayamba tonsefe tisanabadwe ndipo sitiumaliza lero. Tibwerere kwa a Mlimi.

Mneneri_Junior
Bambo, vuto lanu ndi lauzimu. Pali chingwe chimene chikukumangani ndi mzimu wa malemuwo. Ndalama zimene mukufuna kupita nazo ku Mkandazo mukazifese ngati mbewu pa guwa la munthu wa Mulungu kuti chingwecho chiduke. Ndilembereni ku inbox.

Kabaza_Gifiti
Hahaha abale! Woberedwa chimanga ndi wa ku Phalombe, kudya adye a Junior?

NaBanda_KU
A Admin chotsani munthu uyu. Mayi wamasiye ali moyo, wina akuti ndalama zipite ku inbox. Manyazi mulibe?

Admin_Gulu
A Junior ndawachenjeza. Akabwereza atuluka.

Wa_ku_Chinkhoma
Ine ndifunse za manambala, poti ndimagwira za fodya. Mukabweza bwanji? Ndalama ya 2002 ndi ya lero si imodzi. Kwacha yagwa kangapo, mu November 2023 mokha inagwa ndi 44 peresenti. Mukatenga mtengo wa nthawi ija n'kupita nawo lero, mukawapatsa ndalama yosakwana ndi nkhuku yomwe, kumeneko n'kuwatukwana kachiwiri. Werengerani m'chimanga. Ndowa zingati munalemba zabodza, zisandutseni matumba a makilogalamu 50, muwonjezere gawo lachisanu lija anena aphunzitsi, mugule pa mtengo wa lero. Komanso kumbukirani kuti simunangowabera chimanga. Munawadyera fodya wa chaka chonse, kuyambira ku nazale mpaka kupana mabelo. Yakobo 5:4 imanena za malipiro a anthu okolola amene abwana anawabisa, kuti amafuula. Vesi limeneli likanayenera kumatidwa pa chitseko cha ofesi ya esiteti iliyonse.

Mlimi_Mnzanu_Wimbe
Musaiwale kuti makalaliki nawonso ankalandira zochepa, ena miyezi ingapo osalipidwa. Chaka chija ngakhale boma linachita kulengeza mu February 2002 kuti dziko lili pa ngozi ya njala, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Amene anagulitsa nkhokwe za dziko lonse alapa kwa ndani? Tikupanikiza kalaliki chifukwa ndi amene waulula.

Wa_ku_Chinkhoma
Zoona, dongosolo lonse la utenanti linali lodyera anthu, n'chifukwa chake mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuuthetsa, ngakhale m'midzimu mukudziwa nokha mmene zilili. Koma a Wimbe, zoti akuluakulu anaba zambiri sizichotsa ndowa za a Mlimi m'buku lija.

Mwana_wa_Tenanti
Njala inali ya tonse. Ena anaba, ena anaberedwa. Musatisakanize.

Nachisale_wa_Mchinji
Ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene anthu anabwerapo kudzapepesa kwa iye. Amuna anga atamwalira, abale awo anatenga zonse, malata, njinga, ng'ombe, ndi mbale zomwe. Nthawi imeneyo lamulo la 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye linali lisanabwere, ndipo ngakhale likanakhalapo sindikanadziwa kolowera. Patapita zaka alamu anga aakulu anadwala, n'kutumiza uthenga kuti akufuna kudzandiona. Anabwera ndi gulu la kutchalitchi kwawo, akuimba, anandipeza ndili kumunda. Pamaso pa anthu onsewo anagwada n'kunena kuti mlamu ndikhululukireni. Ndikanayankha chiyani? Ndinati ndakhululuka, chifukwa ndikanakana woipa ndikanakhala ine. Anabwerera akuimba, ine ndinatsala ndikunjenjemera ndi mkwiyo. Sanabweretse ngakhale lata limodzi.

Kukhululuka kwenikweni kunadzabwera pambuyo pake, ndili ndekha, iwo atamwalira kale, ndipo kunanditengera nthawi yaitali ndi mapemphero ambiri. Ndiye bambo a Mlimi, ngati mukupita, mverani izi. Musapite ndi kwaya. Musawadzidzimutse. Tumizani munthu kaye akafunse ngati akufuna kukuonani, ndipo akakana mulemekeze. Mukafika musanene kuti ndikhululukireni ngati mukuitanitsa ngongole. Nenani chimene munachita, mosazungulira, osayamba ndi zoti kunali njala. Perekani zimene mwabweretsa. Akakutukwanani khalani chete, wolira samugwira pakamwa. Chikhululukiro chawo ndi chawo, akhoza kukupatsani chaka chamawa kapena osakupatsani n'komwe, ndipo zimenezo zikhala pakati pa iwo ndi Mulungu wawo.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi Nachisale mwanena zimene ine ndi mavesi anga onse sindinathe kunena. Ndingowonjeza kuti ndi mmenenso anachitira Yakobo pa Genesis 32. Atakhala zaka 20 kwa Labani, pobwerera kwa Esau amene anamulanda madalitso, anatsogoza amithenga, kenako ziweto, iye n'kubwera pambuyo. Ndipo usiku umenewo sanagone.

Gogo_Chulu
Kwathu kuno nkhani yotere siyendera munthu mmodzi. Mlandu suola, koma uli ndi khomo lake lolowera. Mupeze munthu wamkulu, kaya atsibweni anu kaya mkulu wa mpingo, apite kwa amfumu a mudzi umene mayiwo akukhala. Amfumu ndi amene aitane mayiwo ndi ana awo aakulu. Pakhale mboni zochepa, ndipo nkhuku ya chipepeso isasowe, pambali pa chimangacho. Mukangotulukira nokha ndi matumba pa ngolo anthu adzayesa mwabwera ndi zamankhwala, chimangacho sadzadya.

Chisomo_Chokha
Agogo, zankhukuzo si zachikunja?

Gogo_Chulu
Mwana wanga, nkhuku ndi ndiwo. Sitikuthira nsembe kumanda, tikupepesa anthu amoyo.

Osanditchula_92
Ine ndili ndi yanga, ndipo ndimasirira a Mlimi chifukwa yawo ikuwerengeka m'matumba. Mwana wanga woyamba atamwalira, ndinali m'gulu la amene ananena kuti agogo anga, amayi awo a mayi anga, ndi amene amulodza. Tinawathamangitsa pamudzi. Anakamwalira kwa achibale ena kutali, ine osapita ndi kumaliro komwe. Pambuyo pake ndinadzamvetsa kuti mwanayo anali ndi malungo ndipo tinachedwa naye kuchipatala. Agogo amenewo ndi amene anandilera. Ndikabweza chiyani, kwa ndani? Ndimapemphera koma masiku ena ndimaona ngati bola kungochoka padziko.

NaBanda_KU
Achemwali kapena achimwene, mawu omalizawo andiopsa. Chonde musakhale nokha ndi maganizo amenewo. Uzani munthu lero lomwe, abusa, mnzanu, kapena pitani kuchipatala cha boma mukanene mmene mwaneneramu. A Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandizanso anthu amene maganizo awalemera. Ndakulemberani kumbali, yankheni.

Katekisiti_wa_Kapiri
Mbale wanga wa 92, tamverani. Usiku umodzi womwewo anthu awiri anamulakwira Yesu. Yudasi anamva chisoni, ndipo pa Mateyu 27 anabweza ndi ndalama zomwe, zonse 30. Taonani, kubweza anabweza, koma kunalibe kumene anapita nacho chisoni chakecho, anakhala nacho yekha mpaka chinamupha. Petro analibe choti abweze, mawu okana aja sakanawameza. Analira, koma anabwerera kwa anzake, ndipo Yesu anakamupeza kunyanja n'kumupatsa ntchito yoweta nkhosa. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa chisoni chimene chimatsogolera ku kulapa ndi chisoni chimene chimabala imfa. Chimene chikukuuzani kuti muchoke padzikocho si cha Mulungu.

Agogo simungawabwezere, n'zoona. Koma dzina lawo likadali loipa pamudzipo, ndipo amene angaliyeretse ndi inu amene munaliipitsa. Mukhoza kuuza abale kuti tinawanamizira. Ndipo tsiku lina pamudzi pakadzabuka zoloza nkhalamba ina chala, mudzakhale woyamba kukana. Lamulo la dziko lino, la 1911 lija, limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, koma kumudzi lamulo limafika mochedwa, amafika msanga ndi munthu mmodzi wolimba mtima.

Mayi_wa_Chigwirizano
Apa a Katekisiti ndagwirizana nanu. Wa 92, tikukupemphererani, ndipo muwayankhe a NaBanda.

Osanditchula_92
Ndawayankha. Zikomo. Mawa ndikaonana ndi amayi abusa.

Chisomo_Chokha
Mwaona a Katekisiti mwanena nokha, Yudasi anabweza koma sizinamupulumutse. Ndi zimene ndimanena ine. A Mlimi apite, sindikuletsanso, koma asapite poganiza kuti matumba ndi amene awayeretse. Akakakanidwa kumeneko asadzabwere n'kumati ndiye kuti Mulungunso wandikana.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo palibe mkangano, a Chisomo.

Mwana_wa_Tenanti
Funso limodzi a Mlimi. Mwati amene munamupweteka kwambiri ndi wa ku Phalombeyo. Kwambiri. Ndiye kuti analipo ena. Amenewo bwanji?

Mlimi_wa_Chamama
Analipo. Ena maina ndikuwakumbukira, ena nkhope zokha. Kumene anapita sindikudziwa, koma mnzanga uja akhoza kudziwa angapo, ndimufunsa. Ndiyambira kumene ndapeza njira.

Dzulo usiku ndawauza akazi anga, sankadziwa chilichonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati chimanga chimenecho nafenso tinadya, ana athu anapulumukira chomwecho, ndiye ngongoleyi ndi ya nyumba yonse. Agwirizana nazo zoti tigulitse soya amene tinasunga. Za ukulu wa mpingo ndakawauza abusa a pampingo pathu kuti dzina langa aliimike kaye ndipo ndawafotokozera chifukwa chake. Iwo ati nkhaniyi aitengera kwa akulu anzawo, chimene agamule ndidzamvera.

Kabaza_Gifiti
Amayi akunyumbawo ndiye asankhidwe ukuluwo.

Mlimi_Mnzanu_Wimbe
Koma samalani a Mlimi, ana a malemuwo pano ndi akuluakulu. Akhoza kukutengerani kupolisi kapena kukutchulani mtengo woti simungaukwanitse.

Gogo_Chulu
N'chifukwa chake ndati kudzera kwa amfumu. Pabwalo pamakhala anthu oletsa mbali zonse ziwiri.

Wa_ku_Chinkhoma
Ndipo chonde musangotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba n'kumati mwathana nazo. Chimanga mukagule konko ku Mchinji, n'kumene chimapezeka, musavutike kunyamula kuchokera kuno. Amene mukumutumayo akwere za ku Kamwendo, atsike pa Kapiri, kuchoka apo njinga zamoto zopita ku Mkanda zilipo. Apite mvula isanayambe.

Nachisale_wa_Mchinji
Ku Mkanda kuli mchemwali wanga, amayenda m'midzi yambiri ndi za mpingo. Nditumizireni kumbali dzina la malemuwo ndi la mayiwo, musalembe pagulu pano. Iye akafufuza mwakachetechete kuti ali mudzi uti ndipo amfumu ake ndi ati. Koma ndikuuzirenitu, akakapeza kuti mayiwo sakufuna kumva za ku esiteti, ndidzakuuzani momwemo ndipo simudzapitako.

Mlimi_wa_Chamama
Ndamva mayi. Zikatero chimangacho ndidzapereka kudzera kwa amfumu, ine osaonekera. Ndatumiza mainawo.

Mwana_wa_Tenanti
Mukamufunsa mnzanuyo za enawo, mufunsenso ngati panali banja la ku Mulanje limene linachoka pa esiteti yanuyo kupita cha ku Santhe. Sindikuti ndi ife. Ndingofuna kudziwa.